Njinga Yokana Anthu

1. Lonjezo la kuseri kwa nyumba

Tsiku limene Sidik ankapita ku ndagala, kumene anyamata a ku Chikweo amakavinidwa pa tchuthi cha sukulu, analira. Sanalire mokweza, koma misozi inaoneka. Mkulu wake Zubairu anamukokera kuseri kwa nyumba n'kumupukuta kumaso ndi malaya.

"Usandichititse manyazi iwe," anatero Zubairu. "Ukakapirira, tsiku lotuluka ndidzakunyamula ndine pa njinga yamoto. Ndipo idzakhala yowala kuposa njinga zonse za kuno."

"Zoona, achimwene?"

"Ine ndinakunamizapo liti?"

Kunena zoona anamunamizapo kangapo, koma pa lonjezo ili Zubairu anatsimikiza mtima.

Iye anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Podikira zotsatira ankachita kabaza pa njinga ya amalume ake, Che Usumani, amene ankagwira ntchito ku Joni. Bambo awo anamwalira Sidik akukwawa, choncho njingayo ndiyo inkabweretsa sopo ndi mchere pakhomo.

Pomusiyira makiyi, amalumewo anamukhazika pansi. "Mphwanga, njinga iyi si yokanyadira atsikana pamsika. Imeneyi ndi khasu la banja lino. Khasu salipaka utoto, amalinola. Ukaisamala idzakusamalani nonse, iwe, mayi ako ndi mng'ono wako yemwe."

Zubairu anavomera zonse ndi mutu. Koma mnyamata akalonjeza zowala, nkhani ya khasu imaiwalika msanga.

2. Magetsi a ku Balaka

Masiku ano ana akamatuluka ku ndagala sayendanso pansi ngati kale. Amakwezedwa pa njinga zamoto atavala zatsopano ndi magalasi akuda, amayi akuimba ndi kululuta m'mbuyo, anyamata a kabaza akuliza mahutala mpaka mbuzi kuthawira m'chinangwa. Njinga imene yakongola kwambiri anthu amaikamba mpaka mvula kugwa.

Mnzake wa Zubairu pa siteji ya kabaza anali Abdulrahim, mnyamata wa pakamwa potsekemera amene sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sachidziwa. Iyeyu atapita ku Balaka anabwera ndi jumbo lodzaza magetsi. Munali akuluakulu oyera a kutsogolo, komanso tizingwe ta timagetsi tobiriwira ndi tofiira tozunguliza njinga yonse. Anagawana.

Anamangirira okha pansi pa mtengo wa mango. Mawaya ankasenda ndi mano, kupotokola ndi zala, n'kukulunga tepi. Magetsi onsewo anawalumikiza ku waya wa getsi lakale. Waya wopita kumbuyo anatalika, ndiye Zubairu anangomupinda, kumukankhira pansi pa chishalo, n'kutseka.

Atatembenuza kiyi, njinga inayaka ngati sitolo ya mafoni. Ana a pamsika anasiya mpira n'kubwera kudzaona. Zubairu anasangalala kwambiri, moti madzulo amenewo anadya ali chimwemwetere.

3. A Ethel akhumudwa

Kutatsala tsiku limodzi kuti ana atuluke, m'mawa kunabwera a Ethel, mayi wathupi ndithu amene ankagulitsa matemba a ku Chiuta. Anali kasitomala wa Zubairu wa nthawi zonse.

Zubairu analiza njinga. A Ethel anakwera, nakhala bwinobwino. Pomwepo injini inangoti zii, magetsi onse thimu, hutala osalira.

Zubairu anatsegula pambali pa batire. Pamenepo pamakhala fyuzi, kagalasi kakang'ono ngati chala cha mwana, kokhala ndi kawaya kopyapyala m'kati. Kawayako kanali kataduka ndipo galasi linali litada. Anaikapo fyuzi yapadera imene amalume anasiya, ndipo njinga inalira bwino lomwe.

"Kwerani amayi, zatheka."

A Ethel anakweranso. Zii.

Anyamata a pa siteji anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Ethel anatsika pang'onopang'ono, nakonza chitenje chawo.

"Zubairu, ngati ukufuna kunena kuti ndanenepa, nena ndi pakamwa pako. Usatume njinga."

"Iyayi amayi, si choncho."

"Chaka chonse yakhala ikundinyamula ine ndi dengu langa lomwe. Lero yayamba matama chifukwa yavala mikanda?"

Anakwera njinga ina n'kumapita. Zubairu anabwereka fyuzi kwa mnzake, nazungulira msika ali yekha popanda vuto lililonse. Koma atangokweza bambo wina wopita kuchigayo, inapsanso. Dzuwa lisanafike pamutu, msika wonse unali utamva kuti njinga ya Che Usumani yayamba kukana anthu. Ena ankanong'onezana kuti zinthu za ku Joni n'zosadziwika bwino. Zubairu anachita manyazi, ndipo mantha anamugwira. Njinga yokana anthu ikanamukananso Sidik mawa lake, mudzi wonse ukuona.

4. Nzeru za Abdulrahim

Abdulrahim anamupeza atakhala pa mwala, atagwira tsaya.

"Ase, nkhani yaing'ono ngati imeneyi ndiye wafika pogwira tsaya? Fyuzi ndi kachinthu kamantha. Kakangoona moto wochuluka pang'ono, kakomoka. Yanga inapsanso dzulo, koma ndinaichiza."

Anatulutsa m'thumba kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kamene anatola pa shopu. "Ukulunge fyuzi yakufayo ndi siliva ameneyu, uibwezere. Siipsanso mpaka tsiku la Kiyama, pa kutha kwa dziko."

"Nanga n'chifukwa chiyani ikupsa munthu akakhala kumbuyo?"

"Iwe ukufuna chifukwa kapena ukufuna njinga iyende? Mawa ine ndikutsogolera ndi sipika ya nyimbo. Usadzabwere m'mbuyo mwanga ndi njinga ya mdima."

Zubairu analandira kapepalako n'kukaika m'thumba la malaya. Komabe sanakakulunge pomwepo. Anaganiza zoyamba wakagula fyuzi yaikulu, ndipo anakankha njinga kupita kwa a Blasius.

5. Pakhonde pa a Blasius

A Blasius anali makaniko wakale, wa imvi mpaka m'makutu. Ankakonza njinga, mawailesi ndi masola pakhonde pa nyumba yawo kuseri kwa msika. Ataona njingayo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Kodi ndi njinga ya Che Usumani imeneyi, kapena ndi mkwatibwi?"

"Ndi yomweyo agogo. Ndikufuna fyuzi yaikulu. Zing'onozing'onozi zikungopsa."

"Yaikulu ndili nayo, koma sindikugulitsa. Khala pansi."

Zubairu anakhala pa tayala lakale.

"Tamvera mwana wanga. Galu akamauwa kukhola, sumumanga kukamwa kuti ugone bwino. Umatuluka kukaona chimene chalowa. Fyuzi ndi galu wa njinga. Anaipanga dala yofooka kuti moto ukasochera, ipse iyoyo, mawaya apulumuke. Ukaikapo yaikulu, kapena ukakulunga siliva wa ndudu ngati mmene anzako amachitira, moto sutha ayi. Umangosamukira kwina. Umakaotcha waya, waya n'kuotcha pulasitiki, pulasitiki n'kupeza petulo. Ine ndinaona njinga ikuyaka ku Nayuchi, pafupi ndi njanji, itanyamula belo la kaunjika. Mwini wake anangotsala ndi kiyi m'manja. Njinga imeneyonso inali yosapsa fyuzi."

Dzanja la Zubairu linapita lokha pa thumba la malaya. A Blasius anaona, n'kuyamba kumufunsa.

"Tsono undiuze. Imapsa nthawi yanji?"

"Munthu akakhala kumbuyo."

"Iwe ukakhala wekha?"

"Imayenda."

"Ndiye njinga yakuuza kale theka la nkhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tenga babu uyo."

Anamuonetsa kulumikiza babu wakale pamalo pa fyuzi ndi timawaya tiwiri. "Tisamalize mafyuzi poyesa. Babu ameneyu aziyaka mwachizimezime. Waya akakhudza chitsulo cha njinga, awala kwambiri. Tembenuza kiyi, uyambe kugwedeza waya mmodzimmodzi."

Zubairu anagwedeza a kutsogolo. Babu anangofiira pang'ono. Anakhotetsa chiwongolero uku ndi uku, anagwedeza a pansi pa thanki, koma sipanasinthe kanthu. Thukuta linayamba kutsika.

Kenako a Blasius ananyamuka, nakweza mwendo movutikira, n'kukhala kumbuyo kwa chishalo ngati kasitomala. Babu anati ngwee. Atadzuka anafiiranso.

"Ine ndi a Ethel tilibe mlandu," anatero. "Vula chishalo."

Zubairu anamasula mabawuti n'kunyamula chishalo. Waya amene anamupinda uja anali atapanikizika pakati pa chishalo ndi chitsulo. Pulasitiki yake inali itang'ambika, mkuwa uli poyera, ndipo pachitsulopo panali banga lakuda. Pamwamba pake panali siponji ya chishalo. Chapafupi pomwepo pankadutsa kapaipi ka petulo.

"Mawa akhala pamenepa ndani?" anafunsa a Blasius.

"Sidik."

"Ine ndine Mkatolika, koma ndakalambira kuno, miyambo yanu ndimaidziwa. Mwana wotuluka ku ndagala amayankhula m'njira?"

"Iyayi. Amaweramitsa mutu. Sayankhula mpaka akafike kwawo, abale amufupe."

"Kaya chimupweteke?"

Zubairu anayang'ananso banga lakuda lija, ndipo a Blasius anapitiriza.

"Munthu wamkulu akamva kutentha amalumpha n'kukutukwana, ndipo kutukwanako ndi kumene kumakupulumutsani nonse. Koma mwana uja wakhala kutchire akuphunzira kuti mwamuna sadandaula. Iwe kutsogolo ukuliza hutala, amayi akululuta, iye pansi pake pakufuka. Ukanadziwa liti? Moyo wa munthu amene wakhala kumbuyo kwako uli m'manja mwako, mwana wanga, makamaka amene sangathe kukuuza kuti ima."

6. Chipewa chodzaza magetsi

Zubairu anadula pamene panawonongeka, analumikiza bwino, n'kudutsitsa wayayo m'mbali mwa chitsulo momwe chishalo sichifika. A Blasius anamugulitsa fyuzi yofanana ndi ya poyamba. Anakhalanso kumbuyo, ndipo njinga inapitiriza kulira. Zubairu anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Usafulumire kuseka. Yatsa onse, tidikire."

Anayatsa onse. Patapita kanthawi a Blasius anamuuza kuti agwire waya wa getsi lakale uja. Anali wotentha ngati kapu ya tiyi. Asanachotse n'komwe chala, fyuzi inapsanso.

"Matenda anali awiri," anatero a Blasius. "Loyamba wachiza. Lachiwiri ndi katundu. Waya ameneyu anamupangira getsi limodzi, iwe wamusenzetsa mudzi wonse. Magetsi akuluwa amafuna waya wonenepa wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi yakeyake ndi swichi yake. Ndipo ngakhale utatero, onsewa njinga yaing'onoyi singawadyetse, batire lizingofa. Waya woteroyo ndilibe. Abwera sabata yamawa."

"Koma agogo, ana akutuluka mawa. Ndinalonjeza."

"Ndamva. Njinga ndi ya amalume ako, mng'ono ndi wako, lonjezo ndi lako. Ine ndikupita ku mapemphero a mphakati, anzanga akundidikira. Fyuzi ina iyo pa tebulo. Sipanala ukamaliza uike pawindo."

Anavala chipewa chawo cha kutchalitchi n'kumapita.

Zubairu anatsala yekha ndi njinga. Anatulutsa kapepala ka siliva, nakatambasula pa bondo. Waya wa pansi pa chishalo anali atakonzedwa kale. Ulendo wa mawa sunali wautali. Anatenga fyuzi yakufa n'kuiika pakati pa kapepalako.

Ali choncho, maso ake anagwera pa banga lakuda lija, lomwe linkaonekerabe m'mphepete mwa chishalo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafinya kapepalako, nakaponya m'ngalande, n'kutola sipanala.

Anayamba ndi magetsi akuluakulu aja. Zinamuwawa, ndipo misozi inalengeza, poti anali atawakonda. Anachotsanso tizingwe ta m'mbali ndi ta pansi. Anangosiya kamodzi kobiriwira kozungulira nambala kumbuyo, kamene sikankatenthetsa waya. Zonsezo anazisonkhanitsa m'chipewa chake cha njinga.

Abdulrahim anatulukira njinga yake ikuthwanima masanasana. Anaima n'kuyang'ana.

"Wayimeta mpala?"

"Ndayimeta. Ase, chotsa siliva uja. Ndaona ndi maso anga zimene zimachitika m'katimu. Tiye tiyang'ane yakonso, sipanala ilipo."

"Madala aja akuopseza eti? Yanga ikuyenda."

"Gwira waya wakoyo umve."

"Ndigwire waya ine? Mawa udzaone fumbi langa." Analiza hutala n'kuchoka.

Atafika kunyumba, mayi ake anayang'ana njinga, nayang'ana chipewa chodzaza magetsi. Zubairu anafotokoza zonse osabisa. Mayiwo analowa m'nyumba n'kutulutsa chitenje chawo chatsopano.

"Yala ichi pa chishalo, umange bwino chisakhudze tayala. Mwana wanga ndikumufuna wamoyo, zowala ndidzaona kumsika."

7. Tsiku lotuluka

M'mawa mwake msewu wa fumbi unadzaza. Abdulrahim anali patsogolo, sipika itamangidwa kumbuyo, magetsi akuphethira mbali zonse. Anthu ankamuloza ndi kuwomba m'manja. Njinga ya Zubairu, ya chitenje ndi kagetsi kamodzi, palibe anaiyang'ana kawiri. Mnyamata wina anafuula kuti magetsi ake adulidwa chifukwa sanalipire bilu, ndipo anthu anaseka. Zubairu anamva kuwawa, koma anangoyang'ana kutsogolo.

Ana anatuluka pamzere. Phungu wa Sidik, mnyamata amene ankamusamalira ku ndagala, anamunyamula n'kumukhazika kumbuyo. Sidik anali ataonda pang'ono. Anavala malaya oyera atsopano ongochotsedwa kumene m'pepala, magalasi akuda, mutu uli pansi. Sananene moni. Anangogwira malaya a mkulu wake ndi manja onse awiri.

Njinga sinakane. Inayenda pang'onopang'ono m'mabampu, kudutsa pamsika, kudutsa pa mzikiti, hutala ikulira bwino. A Ethel anali m'gulu la amayi ovina, ndipo ataiona anakuwa kuti, "Lero yavomera anthu!" Atadutsa mjigo magulu anapatukana, aliyense kulowera kwawo.

Kunyumba anamukhazika Sidik pa mkeka. Abale anabwera mmodzimmodzi kudzaponya mphatso m'mbale. Pomaliza anafupa mayi ake, ndipo phungu anamuvula magalasi n'kumuuza kuti tsopano akhoza kuyankhula. Anthu anakhala chete kuti amve mawu ake oyamba.

"Amayi," anatero Sidik motsitsa, "chinachake chikundibaya pakhosi."

Mayi ake anapinda kolala. Munali pini, imodzi mwa zija amamangira malaya atsopano m'sitolo, imene inaiwalika. Inali itamubaya kumbuyo kwa khosi, ndipo pakolala panali kadontho ka magazi kouma kale.

"Yayamba liti?"

"Pondiveka pomwe."

"Njira yonseyi osanena?"

"Anatiuza kuti tisayankhule."

Amayi ena anaseka, ena anamuyamikira kuti ndi mwamuna. Zubairu sanaseke. Anayang'ana kadontho ka magaziko, nayang'ana chishalo cha njinga imene inaima pansi pa mtengo, n'kukhala pansi pomwepo. Anathokoza Mulungu chamumtima.

Anthu atayamba kudya, anasendera pafupi ndi mng'ono wake.

"Sidik, ndakunamiza. Njinga sinawale. Ndinachotsa magetsi dzulo."

Sidik anamuyang'ana modabwa. "Ine sindinaone getsi la munthu aliyense, achimwene. Mutu unali pansi, magalasi akuda bii. Ndimangoona msana wanu basi. Ndinadziwa kuti mwabwera."

 Zubairu anangomusisita mng'ono wakeyo pamutu pometedwapo, n'kumukankhira mbale ya mpunga.

Apa m'pamene anazindikira kuti nyimbo za sipika, zimene zinkamveka kutsidya kuyambira m'mawa, zasiya. Atatembenuka anaona munthu ataima kuseri kwa nkhokwe, akumukodola. Anali Abdulrahim, wapansi, opanda chipewa, manja ali bii ndi mwaye ndipo mwendo umodzi wa buluku utapserera.

"Ase," ananong'ona, "njinga yapsa, ndipo bwana amene ndimamuyendetsera sanamvebe. Tiye undiperekeze kwa madala aja, ndekha sindingathe."